Boma: mpanda wa minga womwe udasanduka ulamuliro

Mayi wa ku Malindi akalawira m'mamawa, mwana kumsana, n'kutsanzika anzake kuti akupita kuboma, palibe amene amafunsa kuti kubomako n'kuti. Aliyense amadziwa kuti akwera matola, awoloka Shire pamlatho wa Bakili Muluzi, n'kukatsika m'tauni ya Mangochi komwe kuli chipatala chachikulu, bwalo la milandu ndi ofesi ya bwanamkubwa.

Madzulo a tsiku lomwelo, mayi yemweyo akamva pawailesi kuti feteleza wakwera mtengo, amapukusa mutu n'kunena kuti boma lichitepo kanthu. Apa sakunenanso tauni ija ayi, akunena akuluakulu a ku Lilongwe. Mwana wake naye akamalemba fomu ya kusukulu, pamzere wa boma amalembapo Mangochi, kutanthauza dera lonse kuyambira kwa Makanjira mpaka ku Chilipa, kuyambira ku Namwera mpaka ku Monkey Bay.

Nthawi yomweyo, mlendo wochokera kunja amene wafikira pamalo ena ogona alendo m'mphepete mwa nyanja akhoza kuuzidwa m'Chingerezi kuti chakudya chamadzulo akadyera mu boma. Akapitako sapezako DC kapena wapolisi. Amapeza bwalo lotchingidwa ndi bango, moto uli pakati, chambo chikupsa pamakala.

Liwu ndi limodzi koma matanthauzo afika kale anayi. Chodabwitsa china n'chakuti liwuli lilimo m'madikishonale akuluakulu a Chingerezi, ngakhale kuti Mngerezi wamba wa ku London atalimva akhoza kungokukanulirani maso. Kwa iwo ndi liwu losowa, la m'mabuku akale a maulendo ndi a alenje. Kuno silichoka pakamwa. Kodi lidachokera kuti, nanga lidayenda bwanji kuti lifike pomwe lili lero?

Nthano ya zilembo zinayi

Mukafunsa pagulu, sipalephera kupezeka wina wozindikira amene ayankhe mwachangu kuti BOMA ndi chidule cha mawu a Chingerezi oti British Overseas Military Administration. Wina amatsutsa kuti ayi, chilembo chachitatucho chimaimira Management. Palinso ena amene amati ndi British Officers' Mess Area, kutanthauza malo odyera akuluakulu a asilikali. Nkhaniyi imakambidwa m'mabasi, m'makalasi komanso kwa alendo odzacheza, kuno, ku Zambia, ku Tanzania ndi ku Kenya.

Ndi nkhani yokoma kumva, koma si yoona. Kusiyana kwa mayankhowo n'chizindikiro choyamba. Dzina lenileni la ofesi silikhala ndi mitundu itatu. Chachiwiri, mu ulamuliro wa atsamunda mudalibe nthambi yotchedwa mayina amenewa. Dziko lino lidali pansi pa unduna wa ku Britain woona zakunja mpaka chaka cha 1904, pomwe lidaperekedwa ku unduna woona maiko a atsamunda.

Umboni waukulu uli m'mabuku. Henry Morton Stanley, yemwe adakumana ndi David Livingstone ku Ujiji mu 1871, adagwiritsa ntchito liwuli m'buku lake la How I Found Livingstone lomwe lidatuluka mu 1872, komanso mu Through the Dark Continent la mu 1878. Pomwe ankalemba, kudali kusadabwere ulamuliro wa Angerezi kumtunda kuno. Dziko lino lidalowa m'manja mwawo mu 1891, patatha zaka 19 chitulukire buku loyambalo. Mwana sangabadwe mayi ake asadabadwe.

Ajeremani nawo ndi mboni. Pomwe ankalamulira dziko lomwe lero ndi Tanzania, nyumba zawo za ulamuliro ankazitchula kuti boma. Ya ku Mikindani idamangidwa mu 1895, ya ku Bagamoyo mu 1897. Palibe Mjeremani wa nthawi imeneyo amene akadalola kutchula ofesi yake ndi chidule choyamba ndi liwu loti British.

Lidachokera kugombe la nyanja yamchere

Zoona zake n'zakuti boma ndi liwu la Chiswahili. Mmishonale wa ku Germany, Johann Ludwig Krapf, adalilemba m'dikishonale yake ya Chiswahili yomwe idasindikizidwa mu 1882, ndipo adalimasulira ngati tchinga loteteza mudzi, lomangidwa ndi mitengo, miyala kapena minga. Akatswiri ena a zilankhulo amati muzu wake uli m'zilankhulo za kuno ku Africa konkuno, pomwe ena amaulondola ku Persia, komwe amalonda ake ankafika kugombe la Aswahili kwa zaka mazanamazana. Mbali zonse ziwiri zimagwirizana pa chinthu chimodzi: Chingerezi chidachita kubwereka.

Apaulendo a nthawi imeneyo ankalidziwa bwino boma. Mtengatenga akatula katundu madzulo m'thengo, ntchito yoyamba idali kudula nthambi za minga n'kuzungulira nazo msasa wonse kuti mikango ndi achifwamba asalowe. Mpanda umenewo ndiwo udali boma. Mawa lake ankausiya n'kukamanga wina kutsogolo. Azungu omwe ankayenda ndi amtengatenga a ku Zanzibar adalitola liwuli momwe adatolera mawu ena monga safari ndi askari. Mu 1898, pomwe mikango iwiri idavuta anthu omanga njanji ku Tsavo m'dziko la Kenya, ogwira ntchitowo ankagona m'misasa yozunguliridwa ndi maboma a minga, ndipo buku la John Henry Patterson la mu 1907 lofotokoza za mikangoyo lidathandiza kufalitsa liwuli pakati pa owerenga a ku Ulaya.

Makolo athu sadali kusowa liwu lawolawo. Mudzi wotchingidwa poopa nkhondo ankautchula kuti linga, ndipo dzinali lidakalipo ku Nkhotakota komwe kudali likulu la Jumbe. Wozungulira nyumba ndi mpanda, wa ziweto ndi khola. N'chifukwa chake liwu lachilendoli litafika silidalande malo a linga kapena khola. Lidapeza ntchito ina, ndipo amodzi mwa malo omwe lidaipezera ndi pamtsinje wa Shire, pomwe madzi amatulukira m'nyanja.

Linga la patsidya pa Mponda

Kalekale Chiswahili sichidali chachilendo kudera lino. Mafumu a Chiyao monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi ankachita malonda a minyanga ndi akapolo ndi anthu a kugombe la Kilwa, ndipo m'midzi mwawo mudali amalonda, alembi ndi aphunzitsi a Chisilamu olankhula Chiswahili. Mudzi wa Mponda udali padooko lofunika kwambiri, pomwe apaulendo ochokera kuzambwe ankawolokera Shire popita kunyanja yamchere. Makanjira adali ndi zombo zake zoyenda ndi mphepo. Livingstone adadutsa kwa Mponda mu 1866.

Mu 1891 kudabwera Harry Johnston, woyamba kulamulira dziko lino m'dzina la Mfumukazi Victoria. Iyeyu adali atayendapo kale ku Kilimanjaro ndipo Chiswahili ankachidziwa. Adabwera ndi Captain Cecil Maguire, asilikali pafupifupi 70 ochokera ku India, ambiri mwa iwo Asikhi, kuphatikizapo anthu a ku Zanzibar ndi Amakua. Chakumapeto kwa chaka chomwecho adamanga linga kuvuma kwa Shire, moyang'anana ndi mudzi wa Mponda, n'kulitcha Fort Johnston. Dzinali lidali la papepala. Pakamwa pa asilikali ndi amtengatenga, malo otchingidwa otere adali boma basi.

Nkhondo yake sidali yamasewera. Maguire adaphedwa mu December 1891 pomwe ankafuna kutentha zombo za Makanjira. Kumayambiriro kwa 1892, ankhondo a Jalasi adathamangitsa gulu la asilikali a atsamunda n'kulanda mfuti yaikulu. Padatenga mpaka 1895 kuti Jalasi agonjetsedwe kuphiri la Mangochi ndiponso kuti mphamvu za Makanjira zithe. Paliponse pomwe apambana, atsamunda ankasiyapo linga: Fort Maguire kugombe la kwa Makanjira, Fort Mangochi kumapiri a kufupi ndi Namwera komwe zipupa zake zidakalipo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Fort Johnston idasamutsidwira kuzambwe kwa mtsinje, pomwe pali tauni lero. Nsanja ya wotchi yomwe imaoneka pafupi ndi mlatho idamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria.

Mfuti zitazizira

Nkhondo zitatha, minga ndi ngalande zidasowa ntchito, koma dzina lidatsala. M'malo mwa linga mudabwera nyumba za njerwa, mbendera, ndende ndi ofesi ya mzungu amene udindo wake m'Chingerezi udali Collector, kutanthauza wotolera. Chomwe ankatolera ndi msonkho wa nyumba, womwe m'zaka za m'ma 1890 udali mashereni atatu pachaka. Pambuyo pake udindowu udasintha dzina kukhala Resident, kenaka District Commissioner, yemwe anthu adamufupikitsa kuti DC.

Apa ndi pomwe liwu lija lidayamba kusintha. Munthu wakumudzi ankapita kuboma kukapereka msonkho, kukayankha mlandu, kukatenga chiphaso chopitira ku Joni kapena ku Salisbury. Mesenjala akafika pamudzi ankati watumidwa ndi boma. Wosapereka msonkho ankamangidwa ndi boma. Pang'onopang'ono, dzina la malo lidakhala dzina la anthu okhala pamalopo, kenaka dzina la mphamvu zawo. Dera lonse lomwe DC mmodzi ankayang'anira lidatchedwanso boma. Bwanamkubwa wa ku Zomba, liwu linanso lochokera ku Chiswahili, adakhala mutu wa maboma onse, ndipo ulamuliro wake nawo udatchedwa boma.

Nawo azungu a ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia adatengera zomwezo m'Chingerezi chawo. M'makalata ndi m'malipoti awo, the Boma sidalinso mpanda wa minga koma ofesi ya DC ndi onse ogwira ntchito mmenemo. Choncho liwu lomwe adalibwereka kwa Aswahili lidalandira tanthauzo latsopano pakati pa Ayao, Anyanja ndi anzawo, n'kubwereranso m'Chingerezi litavala malaya ena.

Zimenezi sizidachitike paliponse. Eniake a liwuli, Aswahili, ulamuliro wa dziko amautchula kuti serikali. Ashona a ku Zimbabwe amati hurumende, kupotoza liwu la Chingerezi la government. Ku Kenya, boma ndi khomo la munthu pamodzi ndi khola lake. Koma kuno, komanso ku Chipata ndi madera ena a Zambia, mpanda udakula mpaka kukhala dzina la ulamuliro wonse.

Usiku wa pa 12 February

Palibe tsiku lomwe kusiyana kwa boma la njerwa ndi boma la mphamvu kudaonekera poyera kuposa usiku wa pa 12 February 1965, ndipo zidachitikira pa Fort Johnston pomwepa.

Dziko lidali litangolandira ufulu pa 6 July 1964. Pasadathe miyezi itatu, nduna zingapo zidasemphana maganizo ndi Dr Hastings Kamuzu Banda. Zina zidachotsedwa, zina zidatula pansi udindo. Mwa izo mudali Henry Masauko Chipembere, nduna ya zamaphunziro, yemwe kwawo kudali ku Malindi. Anzake ambiri adathawira kunja, koma iye adabwerera kwawo n'kukabisala kumapiri a kuvuma kwa nyanja.

Usiku umenewo Chipembere ndi anthu ake pafupifupi 200 adalowa m'tauni, adalanda polisi n'kutenga mfuti. Kwa maola angapo boma la Fort Johnston lidali m'manja mwawo. Koma iwo ankadziwa kuti boma lenileni lili ku Zomba, lomwe lidali likulu la dziko nthawi imeneyo, ndipo adauyamba ulendo wa kumeneko. Atafika pa Liwonde, pomwe padalibe mlatho, adapeza pantoni ili tsidya lina la Shire. Asilikali adafika, ndipo gululo lidabwerera n'kumwazikana m'thengo.

Zotsatira zake zidagwera anthu wamba. Midzi ina yoganiziridwa kuti inkathandiza Chipembere idatenthedwa ndipo anthu ambiri adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Mmodzi mwa omutsatira, Medson Silombela, adanyongedwa ku Zomba mu 1966. Chipembere adachoka m'dziko muno mu 1965 ndipo adamwalira ku Los Angeles m'dziko la America mu 1975.

M'zaka zotsatira, mayina a atsamunda adafufutidwa pamapu. Port Herald idakhala Nsanje, Fort Hill idakhala Chitipa, Fort Manning idakhala Mchinji, ndipo Fort Johnston idatenga dzina la phiri la Jalasi lija, Mangochi. Liwu loti boma lokha palibe adalikhudza. Lidangosintha mwini. Nyuzipepala ya Chichewa yomwe unduna wofalitsa nkhani unkatulutsa idatchedwa Boma Lathu, dzina losonyeza kuti zomwe zidali za mzungu tsopano n'za eni nthaka. Komabe mu ulamuliro wa chipani chimodzi, kuyambira 1966, ambiri ankalitchula liwuli motsitsa mawu, atayang'ana kaye uku ndi uku.

Kubwerera kukhola

Pomwe kuno liwuli linkakwera mpaka kufika kunyumba ya chifumu, m'Chingerezi lidabwerera kuthengo komwe lidachokera. Lero amene amaligwiritsa ntchito kwambiri ndi osamalira nyama ndi eni malo ogona alendo.

Kumalo osungirako nyama a Liwonde, omwe bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa mu 2015, adabweretsako akakwiyo, omwe pa Chingerezi amati cheetah, mu 2017, mikango mu 2018 ndi zipembere 17 zochokera ku South Africa mu 2019. Nyama zotere sazimasula tsiku lomwe zafika. Amayamba azisunga m'khola lolimba kuti zipume, zizolowere nyengo ndi fungo la malo atsopano, madokotala akuziyang'anira. Khola limenelo pa Chingerezi cha ogwira ntchitoyi ndi boma. Nkhalango ya Mangochi, momwe muli mabwinja a linga la atsamunda lija, idalowa m'manja mwa bungwe lomweli mu 2018.

Taonani kutembenuka kwake. Boma la amtengatenga lidali lotsekera mikango kunja. Boma la ku Liwonde ndi lotsekera mikango mkati.

Kumalo ogona alendo, kuyambira kuno mpaka ku Victoria Falls ndi ku South Africa, boma ndi bwalo lodyera panja pamoto. Nyumba ya Ajeremani ya ku Mikindani ija, komwe anthu ankapita akunjenjemera, idakonzedwa n'kukhala hotela. Ku Nairobi kuli malo oonetserako magule ndi nyumba za makolo otchedwa Bomas of Kenya. Ku South Sudan, dziko lomwe lidaima palokha mu 2011, boma ndi kadera kakang'ono kwambiri ka ulamuliro, ka midzi yowerengeka chabe. Kwathu kuno ndi mutu wa zonse, kwa anzathuwo ndi kuphazi.

Ndani ali mkati mwa mpanda?

Wina akhoza kufunsa kuti kudziwa zonsezi kuli ndi phindu lanji kwa msodzi wa ku Malombe kapena wakabaza wa pa Mangochi. Phindu loyamba ndi la ana asukulu, omwe asamaphunzitsidwe kuti liwu lililonse lolemera lidabwera ndi sitima kuchokera ku Ulaya. Ili lokha ndi Angerezi amene adabwereka.

Phindu lachiwiri lili m'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku. Mpanda uliwonse uli ndi mkati ndi kunja, ndipo Chichewa chathu chidasungabe zimenezi. Chipani chikapambana chisankho timati chalowa m'boma, chikagonja timati chatuluka m'boma. Pamisonkhano ya ndale anthu amakuwa kuti "Boma ilo!" poloza munthu mmodzi. Mpope wa pamjigo ukathyoka, mabuku a pasukulu akang'ambika, mankhwala akabedwa, pamamveka mawu oti "n'zaboma izi", ngati kuti mwini wake ndi mlendo wokhala kutsidya kwa mtsinje. Maganizo amenewa adabadwa nthawi ya msonkho wa mashereni atatu, pomwe boma lidalidi la eni ake ndipo wakumudzi ankangofikako ataitanidwa.

Pamalamulo zinthu zidasintha. Pa 14 June 1993 Amalawi adavotera ndale za zipani zambiri, ndipo malamulo aakulu a dziko omwe adayamba kugwira ntchito mu 1994 amanena m'gawo 12 kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu, ndipo olamulira amangozisunga m'malo mwa anthuwo. Lamulo la maboma aang'ono la mu 1998 lidabwera ndi mfundo ya mphamvu ku anthu, kuti zitukuko zizikambidwa kuyambira m'makomiti a m'midzi mpaka kukhonsolo. Kuyenda kwake kwakhala kwa apo ndi apo. Makhansala adasankhidwa mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 dziko lidakhala opanda makhansala mpaka 2014.

Malawi ali ndi maboma 28, ndipo kalembera wa mu 2018 adapeza kuti m'boma la Mangochi lokha muli anthu oposa 1.1 miliyoni. Linga la Maguire lidamangidwa kuti liteteze asilikali ochepa kwa anthu a m'midzi yozungulira. Zidzukulu za anthu a m'midzi imeneyo ndizo lero zimapereka msonkho pa sopo, pa shuga ndi pa mayunitsi a foni, ndipo ndizo zimasankha phungu, khansala ndi mtsogoleri wa dziko. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mjigo wothyoka uja ukadikira mwini wake wa kutsidya, udikira mpaka kalekale.

Mayi wa ku Malindi uja akamawoloka mlatho pobwerera kwawo, kumbuyo kwake amasiya nsanja ya wotchi ya mu 1903, ndipo kutsogolo kwake kuli gombe la kuvuma komwe kudamangidwa linga loyamba mu 1891. Minga ndi ngalande zidatha kalekale. Chomwe chidatsala ndi liwu la zilembo zinayi lomwe iye amalitchula kangapo patsiku, ndipo chaka cha chisankho chikafika amaima pamzere ndi chiphaso chake m'manja kukanena yemwe alowemo.